Kanyale ka oyilo kakayaka, yezani kaye musanamasule injini

Alimi anzanga, ntchito yanga ndi ya nthaka ndi mbewu, ndipo sipanala ndimaigwira mwa apo ndi apo. Komabe nkhani ya lero ndaibweretsa pa tsamba lino chifukwa ndatopa kuona thukuta la chaka chathunthu likuthera m'galaja. Munthu amafesa nazale, n'kuokera ndi mvula yoyamba, n'kuthyola, n'kusoka, n'kupachika m'chigafa, n'kusankha, n'kudinda mabelo, koma mapeto ake ndalama yonse n'kudyedwa ndi injini ya lole imene inafera pa chitunda ili pa ulendo wa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma.

Chiyambire 1990, pamene alimi ang'ono-ang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, makalabu ndi alimi ochitako bwino akhala akugula malole awo-awo kuti asamadikire a mtengatenga. Ambiri mwa malolewa ndi a matani awiri kapena atatu, monga Canter, Dyna ndi Isuzu, ogwirapo kale ntchito ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Amafika atayenda kale mtunda wautali. Ife tikawalandira timawasenzetsa matumba a chimanga opitirira muyezo, n'kuwalowetsa m'misewu ya fumbi ndi maenje. Tsono injini yotere tsiku lina idzayatsa kanyale kofiira kaja, kokhala ndi chithunzi cha kachitini kodontha oyilo. Chimene mudzachite tsiku limenelo ndicho ndafuna kuti tikambirane.

Kalabu ina imene ndimailangiza za ulimi m'chigawo cha pakati inakumana nazo kutangotsala masabata ochepa kuti msika wa fodya utsegulidwe. Lole yawo inkadzuka bwino m'mawa, koma ikayenda ola limodzi n'kuima pa sitolo injini ikulira, kanyale kaja kankayamba kuphethira. Dalaivala akaponda mafuta pang'ono kankazima. Atakhala pansi pa mtengo kuti akambirane, panatuluka maganizo atatu. Dalaivala anati kanyaleko n'kabodza, angochotsa babu kuti kasamamusokoneze maso. Bambo wina, amene mlamu wake ali ndi minibasi, anati athiremo oyilo wolimba ngati uchi, basi matenda atha. Makaniko wa pamsika, asanatsegule n'komwe pa injini, anati injiniyo yatha ndipo ifunika kuimasula yonse. Mtengo umene anatchula unali woposa ndalama zonse zimene zinali m'thumba la kalabu.

Onse atatu ankalankhula motsimikiza, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atayeza kanthu. Ine zinandikumbutsa za kumunda. Chimanga chikachita chikasu, mlimi amathamangira kunena kuti feteleza wachepa, chonsecho mwina m'munda mwalowa madzi, mwina ndi kaufiti, mwinanso nthaka yachita asidi.  Kanyale ka oyilo nakonso ndi chizindikiro chabe, ndipo zoyambitsa zake n'zambiri. Zina zimatha ndi ndalama ya nkhuku imodzi, zina zimafuna ng'ombe ziwiri.

Kuti timvane, tione kaye chimene chimachitika m'katimo. Pansi pa injini pali chibeseni chosungira oyilo, chija amakaniko amati sampu. Pampu imatunga oyilo m'menemo kudzera pa kapaipi kokhala ndi kasefa ka waya, n'kumukankhira ku fyuluta, kuchoka apo n'kulowa m'tinjira topita ku ma bearing a crankshaft, ku camshaft, ndi ku turbo ngati ilipo. Crankshaft siyenera kukhudza bearing ayi. Imayandama pa oyilo wopyapyala amene amadzaza kampata kochepa ngati tsitsi limodzi, kawiri-kawiri kosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pampu payokha imangotumiza oyilo, ndipo pulesha imabadwa chifukwa oyiloyo akupanikizika potuluka m'timipata timeneti. Amene munathirirapo dimba mukuzidziwa. Mukatsina kumapeto kwa paipi ndi chala, madzi amathamanga patali. Koma paipi ikabooka-booka, pondani pampu mpaka miyendo kuwawa, kumapeto madzi azingodontha. Injini yokalamba ili ngati paipi yobooka-booka ija: timipata takula, oyilo akuthawa msanga. Ndipo poti oyilo akatentha amasungunuka, vuto limaonekera kwambiri injini itatentha komanso ikulira pang'ono-pang'ono, pamene pampu ikuzungulira mofooka.

Za kuchotsa babu ndinene mosabisa: n'kudzipha. Pa galimoto zambiri kaswichi koyatsa kanyale kaja kamadikira mpaka pulesha itatsika kufika cha pa 0.3 kapena 0.5 bar, pamene injini yathanzi ikamathamanga pa msewu imakhala pa 3 mpaka 5 bar. Ndiye kuti kanyaleko sikafulumira kudandaula. Kakayaka lole ili pa liwiro kapena ikukwera phiri ndi katundu, patukani pomwepo n'kuzimitsa. Musati ndingofika pa sitolo apo. Bearing yopanda oyilo imatentha n'kumatirira m'mphindi zochepa, ndipo ndinaonapo injini imene chitsulo cholumikiza pisitoni chinathyoka n'kuboola khoma la injini, dzenje loti n'kulowetsamo chibakera. Mwini wake anali atachotsa babu mwezi umodzi m'mbuyomo.

Mukaima, choyamba sichilira ndalama. Ikani lole pamalo athyathyathya, dikirani mphindi zisanu kapena khumi kuti oyilo atsikire pansi, ndipo solorani kachitsulo koyezera kaja, mukapukute, mukabwezeremo, mukasolorenso. Ngati oyilo ali pansi pa mzere, pampu ikumeza mpweya, maka-maka pokhota ndi pa zitunda, n'chifukwa chake kanyale kamaphethira pamalo otere. Onjezerani, koma mufufuzenso kumene wapita, kaya akudontha pansi kapena akupsa n'kutuluka ngati utsi wobiriwira ku ekizozi.

Musangoona mzere wokha. Mununkhizeni oyiloyo, mumufikise pa zala. Oyilo wa injini ya dizilo amada msanga ndi mwaye, ndipo kuda kokha si matenda. Koma ngati wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi a mu ladiyeta akulowamo, mwina gasiketi ya mutu wa injini yapsa kapena choziziritsira oyilo chabooka. Ngati wapyapyala ngati madzi, akununkha dizilo, ndipo wakwera kupitirira mzere wa pamwamba, ndiye kuti dizilo akutsikira m'sampu kuchokera ku ma injector odontha kapena ku pampu ya dizilo. Apa mpamene panagona nkhani ya kalabu ija. Dalaivala anali akudzitama kwa miyezi iwiri kuti lole yasiya kudya oyilo, osadziwa kuti chimene chinkadzaza sampu chinali dizilo. Titasolola kachitsulo kaja aliyense anamva fungo ali chiimire.

Komabe sitinalekere pomwepo, chifukwa fungo silikuuza kuti ma bearing atsala ndi moyo wotani. Panafunika geji, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. Kaswichi ka pulesha kamafa ngati chinthu china chilichonse, waya wake amatha kuchubuka n'kukhudza chitsulo, ndipo geji yamagetsi ya pa dashibodi nayo imanama. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: kumasula kaswichiko pa injini n'kumangapo geji ya paipi, yosadalira magetsi, imene oyilo amakankha singano yake mwachindunji. Ntchitoyi sitenga ola, kupatula nthawi yotenthetsa injini. Geji zina zimalembedwa bar, zina kg/cm², zina psi. Musasokonezeke: 1 bar ndi pafupifupi 1 kg/cm², kapena 14.5 psi.

Muwerenge katatu ndipo mulembe pa pepala. Koyamba injini ili yozizira, yongodzutsidwa kumene. Kachiwiri itatentha bwino-bwino, mutaiyendetsa theka la ola, ikulira yokha osaponda mafuta. Kachitatu idakali yotentha, mutaponda mafuta kufika cha pa 2,000 pa geji ya kazunguliridwe ka injini. Manambala oyenera ali m'buku la injini yanuyo, ndipo ndi amene muyenera kutsata. Popanda buku, amakaniko akale ali ndi muyezo wongoyerekezera wakuti pa maulendo 1,000 aliwonse amene injini ikuzungulira pa mphindi pafunika pulesha yosachepera 10 psi, imene ili pafupifupi 0.7 bar.

Geji ikaonetsa kuti pulesha ili bwino pamene kanyale kakuyaka, thokozani Chauta, gulani kaswichi katsopano, nkhani yatha. Alipo anthu amene anamasulitsa injini yathunthu kamba ka kaswichi kokwana m'thumba la malaya.

Ikakhala kuti yatsikadi, katsikidwe kake ndiko kamaloza kumene kuli vuto. Pulesha yokwera bwino m'mawa, yogwa kwambiri injini ikatentha, koma yodzukanso mukaponda mafuta, imaloza ku oyilo wosungunuka kapena ku ma bearing okutha, nthawi zina ku pampu yotopa. Pulesha yotsika nthawi zonse, ngakhale injini ili yozizira, imaloza ku pampu kapena ku kavalavu kake kotayira oyilo wochuluka, kamene kamatha kukanirira kali kotsegula chifukwa cha kachinyalala kapena sipuling'i yothyoka. Nanga pulesha yabwino injini ikulira pang'ono, koma singano n'kumavina kapena kutsika mukaponda mafuta? Pamenepo ganizirani za kasefa ka m'sampu: katsekeka, kapena kapaipi kake kang'aluka ndipo kakuyamwa mpweya. Kuno kwathu izi zimachitika pa zifukwa ziwiri zimene ndaziona ndi maso. China ndi mwala wa mumsewu umene umafinya sampu mpaka kukhudza kasefako. China ndi silikoni amene amakaniko ena amapaka ngati akuzira nyumba m'malo mogula gasiketi. Wotsalayo amanyotsoka, n'kugwera m'sampu, n'kukamata kasefa.

Musaiwale fyuluta. Ikadzaza, kavalavu kena kamatseguka kuti oyilo alambalale, ndiye amapita ku ma bearing ndi mchenga wake womwe. Fyuluta yakale musaitaye musanaione m'kati. Iduleni, mutambasule pepala lake padzuwa. Ngati mukudula ndi sowo mudziwe kuti sowoyo isiya tizitsulo take, choncho yang'anani m'makwinya a pepala, kutali ndi podulapo. Mukaona tinyenyeswa tonyezimira tofiirira ngati waya wa magetsi, bearing yadyeka mpaka kufika pa kopa wa m'kati, ndipo masiku ake ndi owerengeka. Ngatinso injini ikugogoda pansi, maka-maka ikatentha kapena ikamakoka katundu, musaiyatsenso. Ikokeni.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi kutentha. Lole yolowa m'minda nthawi yokolola imadzaza ladiyeta ndi mungu wa udzu, mankhusu ndi thonje. Injini ikatentha mopitirira, oyilo wabwino yemwe amasungunuka ndipo pulesha imagwa. Kutsuka ladiyeta ndi kumanga lamba wa fani sikulira kanthu.

Tsopano za oyilo wolimba uja. Sindinama, amakwezadi singano. Injini zambiri za dizilo za mtundu uwu zimayenda ndi 15W-40, ndipo ngati mwayeza n'kupeza kuti ma bearing atopa pang'ono, kusinthira ku 20W-50 kuti mumalize kututa ndi nzeru imene amakaniko ambiri amaivomereza. Mlimi mu Epulo alibe ndalama, izo ndikuzidziwa, ndipo sindingamuuze kuti aimike lole pamene mabelo akudikira. Chimene ndikukana ndi kuthira oyilo wolimba popanda kuyeza, ngati kuphimba chilonda ndi nsanza. Kalabu ija ikadatero, dizilo akadapitirira kutsikira m'sampu n'kumusungunulanso oyilo watsopanoyo, singano n'kuwanamiza kwa sabata ziwiri zokha. Ndipo ena amafika pothira oyilo wa mu giyabokosi, uja wa 90. Ameneyo m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba amakhala ngati phala, amachedwa kufika ku turbo ndi pamwamba pa injini, ndipo mankhwala ake sanapangidwire moto ndi mwaye wa m'injini.

Palinso kachinyengo kena koika mawashala kumbuyo kwa sipuling'i ya kavalavu ka pampu kuti ilimbe. Taganizani bwino. Kavalavuko kamatseguka pokhapokha pulesha ikakwera kwambiri. Injini ikatentha n'kumalira pang'ono, pamene kanyale kakuphethira, kavalavuko kamakhala kali kotseka kale. Kulimbitsa sipuling'i yake kumangokweza pulesha ya m'mawa, imene sinali vuto, ndipo kukhoza kuphulitsa fyuluta. Chimodzimodzi kugula pampu yatsopano pamene okutha ndi ma bearing: mwagula pampu yothirira yatsopano koma paipi ndi yobooka yomwe ija.

Ma bearing akapezeka kuti ndiwo atha, sikuti nthawi zonse injini iyenera kutsitsidwa. Pa malole ambiri makaniko amatha kumasula sampu injini ili pomwepo, n'kutsegula ma bearing, n'kuona nkhope ya crankshaft. Pali kaulusi kapulasitiki kotchedwa Plastigage kamene amakaika pakati, n'kumanga mabauti pa muyezo wake, n'kumasulanso. Kuphwatalala kwa kaulusiko kumaonetsa kukula kwa mpata. Ngati crankshaft ili yosalala ndipo sinadyeke, ma bearing atsopano a saizi yomweyo amabweza pulesha. Ngati yakandika, iyenera kupita ku makina kukapalidwa, kawiri-kawiri ndi 0.25 kapena 0.50 mm, ndipo ma bearing ogula ayenera kugwirizana ndi muyezo umenewo. Kusiyana kwa mtengo wa ntchito ziwirizi ndi kwakukulu, ndipo kunakula koposa kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Amene mukulowa pansi pa lole, tsekerani matayala ndi miyala ndipo musadalire jeke yekha. Oyilo wotentha nayenso amawotcha kwambiri.

Sindikunena kuti amakaniko a m'misika ndi akuba. Ambiri ndi aluso, amadzutsa galimoto zimene kwina zikadatayidwa kale-kale, ndipo amagwira ntchito pansi pa mtengo ndi zipangizo zochepa. Koma khutu lokha silingasiyanitse kaswichi kakufa ndi crankshaft yodyeka. Ku chipatala sitilola kupatsidwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi asanatimange chija cha pamkono. N'chifukwa chiyani tilola kuti injini itsegulidwe mimba isanayezedwe? Ndikuti mwini lole aliyense azifunsa funso limodzi asanatulutse ndalama: bambo, geji yawerenga zingati itatentha? Makaniko wabwino sakwiya nalo funso limeneli. Ndipo makalabu amene amatha kusonkherana kugula sikelo ndi jeke wodindira mabelo angathenso kugula geji imodzi, mtengo wake sufika pa tayala limodzi la lole, n'kumabwerekana ndi makalabu oyandikana nawo.

Gejiyo imathandizanso pogula. Chikome-kome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lole yopakidwa penti watsopano, yoyatsidwa m'mawa ili yozizira, mwina itathiridwa oyilo wolimba dzulo lake, imalira mokoma kwabasi. Tembenuzani kiyi osaliza injini muone ngati kanyale ka oyilo kakuyaka. Kakapanda kuyaka, mwina wina anachotsa babu. Kenaka iyendetseni theka la ola, mukwere nayo chitunda, mumange geji idakali yotentha. Wogulitsa akakana, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, poti manambala amabwezedwa, komanso sawerenga maola amene injini inalira ili chiimire.

Zambiri mwa izi zimayambira pa kasamalidwe. Lole ya m'fumbi, yolemedwa, yoima nthawi yaitali pa mzere injini ikulira, imafuna kusinthidwa oyilo ndi fyuluta msanga kuposa ya m'tauni, ndipo amakaniko ambiri amalangiza makilomita 5,000. Oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wosadziwika kumene wachokera, ndi fyuluta yotchipa modabwitsa, n'zimene zimadya ma bearing mwakachetechete. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena paipi yake ikamasuka, fumbi limalowa n'kukapala zitsulo ngati mwala wonolera. Pongodutsa, oyilo wakutha musamuthire kudimba kapena pafupi ndi chitsime, amapha nthaka ndi kuipitsa madzi, musungeni m'chigubu.

Kalabu ija inabwereka geji ku galaja ina ya pa boma. Injini itatentha, singano inagwera pansi pa theka la bar. Makaniko yemwe uja, amene poyamba anati injini yatha, ndiye anamasula ma injector n'kukawayezetsa, ndipo awiri anapezeka kuti ankadontha. Atawakonza, n'kuthira oyilo watsopano ndi fyuluta, tinayezanso: pulesha inakwera kupitirira 1 bar injini ikulira yokha, ndipo poponda mafuta inafika mu 3. Sinali ya injini yatsopano, ndipo m'fyuluta yakale munali tinyenyeswa tochepa, choncho anagwirizana kuti asamaisenzetse mopitirira, aziyeza pa sabata ziwiri zilizonse, ndipo ma bearing awasinthe ndalama za fodya zikangolowa. Mabelo onse anafika pa msika. Mu Ogasiti anamasula sampu, crankshaft inapezeka yosalala, ndipo anangosintha ma bearing injini ili pomwepo. Mlembi wa kalabu anatsegula tsamba latsopano m'kope muja amalembamo ngongole za feteleza, ndipo m'menemo ndimo akulemba tsiku, makilomita ndi manambala atatu a geji.